Giza Yaulere Padenga: Ikadzadontha Mudzaitana Yani?

Munthu atagogoda pageti panu lero, n'kunena kuti wabwera kudzakuikirani giza ya sola padenga, ndalama walipira kale ndi boma, inu mungosaina apa, mungamuyankhe chiyani? Musafulumire kunena kuti mungamubweze. Mayunitsi sakukhalitsa m'mita, magetsi akungozimazima, ana akulira ndi madzi ozizira m'mawa wa mwezi wa Juni. Ambiri a ife tingatsegule geti, ngakhale makwerero tingamubwereke. Mabanja zikwizikwi ku South Africa anatsegula, ndipo sanali anthu opusa. Nkhani yawo ndikufuna muimvetsetse, makamaka inu abale amene muli ku Joni, ndi inu amene mukumanga nyumba kumudzi ndi ndalama yochokera ku Joni.

Zinayamba ndi mdima. Kumapeto kwa 2007 magetsi anayamba kuperewera ku South Africa, ndipo mu Januwale 2008 zinafika poti migodi ikuluikulu ya golide ndi pulatinamu inaima masiku angapo. Kampani ya magetsi ya dzikolo, Eskom, imene musaisokoneze ndi ESCOM yathu, inayang'ana m'nyumba za anthu n'kupeza chimene chimamwa magetsi kuposa zonse: giza. M'nyumba yokhala ndi giza yamagetsi, gawo limodzi mwa magawo atatu a bilu, mwinanso kuposerapo, limathera kotenthetsa madzi. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7, ndipo banja limasamba tsiku ndi tsiku. Choncho mu 2008 Eskom inalengeza kuti aliyense wogula giza yoyendera dzuwa adzabwezeredwa gawo la ndalama yake. Mu 2009 nduna ya zamphamvu, Dipuo Peters, inanena kuti boma likufuna magiza a sola 1 miliyoni akhale ali pamadenga pofika 2014. Poyamba anthu sanatengeke nazo, pakuti ndalama yobwezedwayo inali yochepa poyerekeza ndi mtengo wa giza. Kumayambiriro kwa 2010 anaikweza kwambiri, ndipo mu Epulo chaka chomwecho Pulezidenti Jacob Zuma anakatsegulira ntchitoyi ku Winterveldt, kumpoto kwa Pretoria.

Makampani oika magiza anamera ngati bowa wa m'dzinja. Ena anali a mapulambala odziwa ntchito yawo. Ena anali a anthu amene dzulo lake ankagulitsa zinazake, angomva kuti kwagwa ndalama. Makontena a magiza otchipa ochokera kunja, makamaka ku China, anayamba kutsika pamadoko. M'malokeshoni, pa tinyumba tomangidwa ndi boma timene amatitcha RDP, thanki yonyezimira yokhala ndi machubu agalasi inayamba kuoneka denga ndi denga. Eni nyumba ambiri kumeneko sanatulutse kalikonse m'thumba, chifukwa pa magiza ang'onoang'ono amenewa sabuside inkakwanira mtengo wonse, ndipo woikayo ankakatenga yekha ndalamayo.

Pofika 2015 magiza amene anaikidwa anali pafupifupi 400,000, osakwana ngakhale theka la miliyoni ija, ndipo madandaulo a ntchito yosalongosoka anali atamveka paliponse. Chaka chomwecho ntchitoyi inachoka m'manja mwa Eskom n'kupita ku unduna wa zamphamvu, ndalama yobwezera ogula n'kutha. Makampani ambiri anatseka. Undunawo unagula wokha magiza oposa 87,000 oti ukaike m'nyumba za anthu osauka, koma ambiri mwa iwo anakhala zaka ali m'nyumba zosungiramo katundu, boma likulipira lendi ya marandi mamiliyoni mazana angapo, mpaka Auditor-General wa dzikolo ananena kuti ndalamazo zinawonongeka pachabe.

Zolakwa za boma tizisiye, aphungu a nyumba ya malamulo ku Cape Town anazikambirana mokwanira. Ine ndikufuna tiime pageti paja, pamene mwininyumba analandira cholembera m'manja.

Woika giza uja, kasitomala wake anali yani? Si mwininyumba ayi. Wamalonda amamvera amene akumulipira, ndipo womulipira anali ku ofesi, kutali ndi denga. Kampani inkalandira ndalama pa giza iliyonse imene yaikidwa. Yoti ikhala ikugwirabe ntchito pakatha zaka zitatu, imeneyo inalibe malipiro ake. Pamenepo gulu loika magiza khumi patsiku mothamanga limapindula kuposa gulu loika anayi mosamala. Kwa munthu wotere nyumba yanu ili ndi zinthu zitatu zokha za phindu: denga, nambala ya nyumba, ndi siginecha yanu. Akapeza zitatuzi alibenso chobwerera.

Kwerani padenga loikidwa mothamanga muone. Thanki ya malita 100 ikadzaza, madzi okha ndi makilogalamu 100, osawerengera chitsulo ndi magalasi. Yakhala pa timiyendo tachitsulo topyapyala, tokhomedwa poboola malata, ndipo pansi pake pali mapaso amene mmisiri womanga anaika akuganizira kulemera kwa malata okha. Pamene paipi yalowera m'nyumba angoboola n'kumatapo silikoni. Dzuwa likamuwomba zaka ziwiri silikoniyo amauma n'kung'aluka, ndipo mvula ikagwa mumaona kadontho pasiling'i, kenako mzere wakuda kutsika ndi khoma. Paipi ya pulasitiki, yosakutidwa ndi chilichonse, yawauka ndipo ikungoyembekeza tsiku lothyoka. Pamwamba pa thanki pali kathanki kena kakang'ono, kokhala ndi valavu yoyandama imene imatseka madzi akadzaza. Valavuyo ikakanirira, madzi amasefukira usana ndi usiku, kutsetsereka ndi malata, mita ya madzi ikuwerenga. Banja limene linalandira giza kuti lichepetse ndalama ya magetsi limangoona bilu ya madzi imene silinaionepo chiyambire. Aimbira nambala ya pachomata cha pathanki, siikupezeka. Mapeto ake bambo amatseka mpopi wopita kudenga, giza n'kusanduka chitsulo chongolemeretsa nyumba.

Fomu imene munthu amasaina pa ntchito yotere nthawi zambiri imatanthauza kuti ntchito yatha ndipo mwininyumba wakhutira. Tsono wosainayo waima pansi. Sanakwere padenga. Madzi sanatenthe n'komwe, chifukwa anyamata amaliza dzuwa litapendeka ndipo galimoto yaliza kale injini. Wakhutira ndi chiyani? Inu mukanakhala pamenepo mukanati, “Dikirani, mubwere mawa masana, ndione kaye madzi akutentha, ndione ngati sipakudontha, ndiye ndisaine”? Kapena mukanachita manyazi?

Manyazi amenewa ndimawadziwa, ndipo ndi amene amatigwetsa. Tinaleredwa kuti munthu akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri, sufunsa kuti wachigula kuti. Kufunsa mafunso pa chinthu chopatsidwa timakuyesa mwano. Koma giza ija siinali mphatso ya woikayo. Ndalama yake inachokera pa mtengo wa magetsi umene anthu omwewo ankalipira, ndi pa misonkho yawo. Iye analipidwa yense. Denga limene anaboola ndi lanu, ndipo likadzawola mudzakonza ndinu. Muli ndi ufulu wonse wofunsa dzina la kampani ndi pamene pali ofesi yake, wofunsa chiphaso cha pulambala, wokana kusaina mpaka mutaona ndi maso anu. Wantchito wabwino mafunso amenewa samukwiyitsa. Amene wayamba kupsa mtima, kapena kukuuzani kuti aneba onse asaina kale mwatsala ndinu, wakuuzani zimene mumafuna kudziwa.

Musaganize kuti anagwa ndi osauka okha. Panalinso anthu a m'mayadi, ophunzira, amene anatulutsa ndalama zawo zambiri kugula magiza akuluakulu, akudalira kuti gawo lina libwerera. Magiza a mapanelo afulati alipo a mitundu iwiri. Mu mtundu woyamba, madzi omwe mumasamba ndi omwewo amene amayenda m'timapaipi ta mkuwa ta m'panelo. Mu wachiwiri, m'panelo mumayenda mankhwala osaundana otchedwa glycol, amene amakapereka kutentha kwake ku madzi a m'thanki osasakanikirana nawo. Woyambawo ndi wotchipirapo, ndipo kumadera ofunda, monga ku Durban, umagwira bwino. Koma Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo usiku wa m'chisanu madzi amatha kuundana panja. Madzi akaundana amafufuma ndi 9 peresenti, ndipo kapaipi ka mkuwa sikangapirire, kamang'ambika. Mu Juni 2010, masiku omwe dziko lonse linali pa mpira wa World Cup, chisanu choopsa chinagwa ku Gauteng, ndipo mapanelo ambiri anaphulika usiku. Eni ake anadzuka madzi akuyenderera kuchokera padenga.

Anthu amenewa masamu a sabuside anawachita bwino. Ankadziwa mtengo, ankadziwa yobwerera, ankadziwa yotsala. Funso limodzi lokha ndi limene ambiri sanafunse: kodi giza iyi inapangidwira nyengo ya kuno? Safunsa anadya phula. Sabuside ili ndi mphamvu yokokera maso a munthu pa nambala imodzi, ya ndalama imene achotseredwe, mpaka kuiwala chinthu chimene akugulacho. Mukadzaona kuti wogulitsa watha mphindi makumi awiri akukamba za ndalama yobwerera, koma za chisanu, za kukula kwa banja lanu, za mphamvu ya madzi a pampopi wanu sanafunse ngakhale limodzi, dziwani kuti akukugulitsani sabuside, giza yangotsagana nayo.

Ndipo ndalama yobwererayo imakhala ndi zingwe zake. Mu ndondomeko ya Eskom, giza inkayenera kukhala yoyesedwa ndi bungwe loona za miyezo la SABS, wogulitsa ankayenera kukhala wolembetsedwa, mapepala ankapita kwa akauntanti a Deloitte kuti awaunike, ndipo wogula ankadikira masabata angapo. Chimodzi chikasowa, ndalama siituluka. Ndiye funsani musanalipire: adzakapempha ndalamayo ndani, inu kapena wogulitsa? Akaikana, atayepo ndani? Zimenezi zalembedwa pati? Funsaninso kuti kuchotserako akuchotsera pa mtengo uti. Pitani kwa wogulitsa wina amene sali mu ndondomekoyo mukamve mtengo wa giza yofanana. Palibe chovuta kwa wamalonda kukweza mtengo Lolemba n'kukuchotserani Lachiwiri.

Pali cholakwa china chimene sichidontha, sichiphulika, koma chimadya ndalama mwakachetechete zaka ndi zaka. Magiza ambiri a sola ali ndi elementi yamagetsi m'kati, yothandizira masiku a mitambo. Banja likasamba m'mawa, thanki imadzaza madzi ozizira. Ngati elementi yasiyidwa choyaka nthawi zonse, imayamba pomwepo kutenthetsa, ndipo pofika 9 koloko, dzuwa likamayamba mphamvu, limapeza madzi atatentha kale ndi mayunitsi anu. Mwagula giza ya dzuwa, koma akugwira ntchito ndi magetsi. N'chifukwa chake ndondomeko ya Eskom inkafuna kuti paikidwe timer, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa elementi pa maola oikika. Kodi woika wanu wakusonyezani pamene pali kachipangizoka? Wakuphunzitsani kukatchera? Magetsi akazima maola anayi, wotchi yake imabwerera yokha m'malo kapena imatsalira? Mukaika giza, lembani mayunitsi a mwezi umodzi musanaike ndi a mwezi umodzi mutaika. Ngati sakusiyana, musadzitonthoze kuti zisintha. Itanani woikayo ndalama yake yomaliza isanatuluke m'manja mwanu.

Za ana ndiye ndikupemphani mumve bwino. Giza yamagetsi ili ndi chozimitsa madzi akafika pa muyezo. Dzuwa lilibe chozimitsa. M'mwezi wa Okutobala, banja likachokapo masiku awiri osatunga, madzi a m'giza ya machubu amatha kufika pafupi ndi kuwira. Madzi a madigiri 60 okha amawotcha khungu la munthu wamkulu m'masekondi ochepa, ndipo khungu la mwana ndi lopyapyala kuposa pamenepo. Pali valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira asanafike kumpopi, imene pa giza ya sola siyenera kusowa. Woika wothamanga amaidumpha, chifukwa imawonjezera mtengo ndipo mwininyumba sadziwa kuti iliko. Mwana wa zaka zitatu amene wafikira mpopi wa kubafa sadziwa kuti kunja kwawala bwanji lero. Funsani kuti valavuyo ili pati, akulozereni ndi chala.

Ena adzakuuzani kuti musavutike ndi zapadenga, gulani heat pump. Ndi makina abwino: amatenga kutentha kwa mumpweya n'kukuika m'madzi, ndipo amadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi amene elementi imadya. Eskom inaperekaponso sabuside pa makina amenewa. Koma magetsi akazima nawonso amaima, m'mbali mwa nyanja yamchere amachita dzimbiri msanga, ndipo akawonongeka pulambala wamba sawatha, amafuna mmisiri wodziwa za mafiriji. Mmisiri wotere alipo m'dera lanu? Mwamuona, kapena mwangouzidwa kuti alipo?

Sindikunena kuti giza ya sola ndi yoipa, ndipo musandimve choncho. Yosankhidwa bwino, yoikidwa ndi munthu wodziwa, imatumikira banja zaka zambiri ndipo ndalama yake imabwerera. Ngakhale m'malokeshoni muja muli mabanja amene kwa nthawi yoyamba anasamba madzi otentha osayatsa ketulo kapena palafini, ndipo chimenecho si chinthu chaching'ono. Malamulo omangira nyumba ku South Africa kuyambira 2011 amafuna kuti m'nyumba yatsopano theka la madzi otentha lizichokera ku njira ina osati elementi. Zimbabwe nayo mu 2019 inaika malamulo oti nyumba zatsopano zizikhala ndi magiza a dzuwa. Kumeneko ndi kumene dziko likupita, ndipo n'koyenera. Chondidetsa nkhawa ine n'chakuti sabuside imalipira tsiku limodzi lokha, loikira, pamene giza iyenera kukhala padenga zaka khumi kapena kuposa. Zaka zotsalazo zili pamutu panu.

Sabuside imathanso nthawi ina iliyonse, ndipo ikamatha siitsanzika. Kalata ya chitsimikizo ya zaka zisanu ili ndi ntchito yanji ngati kampani imene inaidinda yatseka m'chaka chachiwiri? Kampani imene inabadwa chifukwa cha sabuside imafa nayo limodzi. Funsani kuti inayamba liti, ndipo sabuside isanabwere inkagwira ntchito yanji. Izi si za ku Africa kokha. Ku America lamulo la 2022 lotchedwa Inflation Reduction Act linalola wogula heat pump yotenthetsera madzi kuchotsera 30 peresenti ya mtengo pa msonkho wake, mpaka madola 2,000 pachaka, ndipo linati zidzakhala choncho kufikira 2032. Mu Julayi 2025 lamulo lina linadula zimenezi kuti zithere pa 31 Disembala 2025. Ngakhale pamene zinalipo, inali ndalama yochotsera pa msonkho basi: amene analibe msonkho wokwanira woti alipire sankalandira yonse. Ku South Africa komweko, mu bajeti ya 2023, nduna ya zachuma Enoch Godongwana inalengeza kubweza 25 peresenti, mpaka marandi 15,000, pa sola wa panyumba. Anthu anangomva liwu loti sola. Koma zinali za mapanelo opanga magetsi okha, kwa chaka chimodzi chokha; mabatire, ma inverter ndi magiza munalibemo. Wogulitsa akakuuzani kuti boma likubwezerani, muuzeni akusonyezeni pamene zalembedwa, kenako mukawerenge nokha ku ofesi kapena pa tsamba la boma lenilenilo.

Wogogoda pageti uja, mayiko ena anafika pomuletsa. Ku Australia, chigawo cha Victoria chili ndi ndondomeko yothandiza anthu kugula zipangizo zosadya magetsi ambiri, kuphatikizapo zotenthetsera madzi. Madandaulo a anthu okakamizidwa ndi otsatsa atachuluka, mu 2024 boma la chigawocho linaletsa makampani a mu ndondomekoyo kuimbira anthu foni kapena kuyenda khomo ndi khomo. Ngati boma lokhala ndi oyendera ntchito ambiri linaona kuti pakhomo ndi pamene anthu amapusitsidwira, inu mukuganiza kuti muli otetezeka chifukwa chiyani? Munthu wakupezani ndi iye, simunamufune ndinu. Akuti mwayi ukutha Lachisanu. Akufuna fotokope ya chitupa chanu kapena pasipoti, nambala ya mita, ndi kandalama kolembetsera. Fomu ili ndi mipata imene akuti adzalembamo yekha ku ofesi. Chimodzi mwa zimenezi n'chokwanira kuti mumuuze abwere tsiku lina. Inu abale okhala m'dziko la eni chenjerani koposa: mapepala anu ndi moyo wanu kumeneko, musawapereke kwa munthu amene ofesi yake simunaione. Ndipo ngati nyumbayo ndi ya lendi, denga si lanu loti muloleze munthu kuboola. Likadontha, landilodi adzayamba ndi dipoziti yanu. Amene muli ndi nyumba yanuyanu, sungani satifiketi ya pulambala wovomerezeka, chifukwa giza ikadzaphulika a inshulansi angathe kukana kulipira ntchito yopanda pepala.

Tsopano tibwere kumudzi. Kuchokera pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a ku Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, anthu ambiri omanga nyumba ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu saganizanso za giza yamagetsi yokha. Mathanki onyezimira aja tikuwaona akuchuluka pamadenga athu. Tsiku lina kudzabwera bungwe, banki kapena pulojekiti ndi mawu okoma: theka tilipira ife, kapena tengani lero muzilipira pang'onopang'ono. Nkhani ya makuponi a feteleza inatiphunzitsa kale kuti pamene pagwa sabuside pamasonkhana anthu amitundumitundu. Mukadzamva zimenezo, mafunso onse aja a ku Joni adzakhale pakamwa panu, kuwonjezapo awa akwathu: woikayo ali ndi chilolezo cha MERA? Katunduyo anadutsa ku Malawi Bureau of Standards? Ngati ndi ngongole, giza ikafa m'mwezi wachisanu ndi chimodzi, ngongole ifa nayo kapena muzilipirabe?

Enanu simudikira pulojekiti. Mwaona giza yotsika mtengo m'sitolo ku Johannesburg, mwagula, mwaikweza pa thiraki kapena pa ngolo ya basi, yadutsa Beitbridge, Nyamapanda, mpaka Mwanza kapena Dedza. Machubu agalasi ayenda ulendo wonsewo pansi pa katundu wa anthu ena. Atafika awiri osweka, ena muwapeza kuti? Machubu amasiyana utali ndi kunenepa, ndipo amene ali m'sitolo ya ku Limbe mwina salowa pa thanki yanu. Kalata ya chitsimikizo inatsala kutsidya kwa Limpopo, palibe amene adzakwere basi kudzakukonzerani. Ngati mwatsimikiza kugula kumeneko, gulirani limodzi machubu apadera ndi timphira take, ndipo musanatumize funsani kumudzi ngati alipo mmisiri amene anaikapo mtundu umenewo. Mmisiri amene akuphunzirira padenga lanu angathe kuilozetsa kolakwika. Kwathu kuno, monganso ku South Africa, giza iyenera kuyang'ana kumpoto, pamalo popanda mthunzi wa mtengo wa mango kapena thanki ya madzi. Auzeninso akalipentala asanakhome malata kuti pamenepo padzakhala katundu wolemera, alimbitse mapaso.

Madzi athu nawonso ali ndi khalidwe lawo. Kumadera ngati Chikwawa ndi Nsanje mijigo yambiri imatulutsa madzi amchere, ndipo madzi otere amadya thanki yachitsulo chopepuka m'kati, amasiyanso zoyera zokakamira m'machubu ndi pa elementi. Wogulitsa amene sanakufunseni kuti madzi anu ndi a Water Board kapena a pachitsime sanaganizepo za zimenezi.

Vuto lalikulu m'matauni athu ndi kusowa kwa madzi pampopi. Madzi akasiya masiku awiri, a m'nyumba amatunga a m'giza mpaka thanki kuuma. Machubu opanda madzi ali padzuwa amatentha koopsa, kupitirira madigiri 200 m'kati. Ndiye madzi abwera 1 koloko masana, ozizira, n'kulowa mwamphamvu m'galasi lotentha chotero. Galasi limasweka pomwepo, ndipo pa giza ya mtundu uwu chubu chimodzi chikasweka madzi onse a m'thanki amatayikira padenga. Njira yopewera ndi yosavuta: pakhale valavu pansi, pofikika ndi dzanja, yotsekera madzi opita kudenga, madzi akasiya muitseke, ndipo thanki ikauma musaidzaze masana, dikirani usiku kapena m'mamawa machubu atazizira. Inu muli ku Joni, nyumba mwasiyira mlamu wanu kapena mwana wa achemwali anu. Valavuyo akuidziwa pamene ili? Munamuuza nthawi yotsegulira? Muimbireni lero, apite akaione, akujambulireni pa foni.